Mawu Ofotokozera Kusintha Chibadwa cha Mitengo

Polemba za mitengo yosinthidwa chibadwa, mlembi angakopeke kugwiritsa ntchito mawu akuti kumezanitsa kapena kukwatitsa. Mawu awiriwa ali kale ndi matanthauzo awo pa ulimi, ndipo kuwabwereka kungasokeretse wophunzira. Kuti tisankhe mawu oyenera, tiyambe taona mmene ntchitoyo imachitikira.

M'dothi muli bakiteriya wotchedwa Agrobacterium tumefaciens. Iyeyu amalowera pabala la chomera n'kuyambitsa chotupa patsinde. M'chaka cha 1977, Mary-Dell Chilton ndi anzake anaonetsa kuti bakiteriyayu amalowetsa kachidutswa ka DNA yake m'maselo a chomeracho. Akatswiri anaona mwayi: amachotsa majini oyambitsa chotupa, n'kuikapo jini imene akufuna, ndipo bakiteriya amainyamula kukaisiya m'selo. Njirayi inatheka pa fodya mu 1983, ndipo mu 1987 inalengezedwa pa mtengo wa poplar.

Komabe mitengo yambiri ndi yovuta. Kulowetsa jini ndi gawo loyamba chabe. Chovuta kwambiri ndi kulera selo lolandira jiniyo mpaka lituluke mphukira ndi mizu. Motero akatswiri amasankha tizigawo tanthete, monga timasamba tongophuka kumene. Amathiranso mankhwala otchedwa acetosyringone, ofanana ndi amene chomera chovulala chimatulutsa, omwe amadzutsa bakiteriya kuti ayambe kutumiza DNA. Pakapita masiku awiri kapena atatu, bakiteriyayo amaphedwa ndi mankhwala ena kuti asaphimbe tizigawoto. Ntchito yosintha chibadwa cha mitengo yafika patali, moti mu 2015 dziko la Brazil linaloleza kubzala bulugama wosinthidwa chibadwa.

Apa tikuona kuti kumezanitsa n'kulumikiza nthambi ku tsinde lina, ndipo chibadwa cha zonse ziwiri chimakhala mmene chinalili. Kukwatitsa kumafuna mungu. Pamene jini yalowetsedwa m'selo, tilembe kuti kusintha chibadwa.

Tisamalenso ndi mawu akuti kachilombo. Anthu akawamva amaganiza za matenda basi, pomwe pano bakiteriya ndi chida cha katswiri. Choncho ndi bwino kulemba bakiteriya, jini ndi selo m'kalembedwe ka Chichewa, n'kufotokoza tanthauzo lake poyamba penipeni. Dzina la Chilatini lokha lisasinthidwe, pakuti ndi limene wophunzira adzalipeze m'mabuku a sayansi.