Kuchoka pa Uliwa kukafika ku Lusaka

Munthu wa pa Uliwa akanena kuti akupita kunja, sitifunsa kuti kunja kwake kuti. Timadziwa kuti akwera minibasi ya ku Karonga, kenako ya ku Songwe, awoloka mlatho n'kulowa Kasumulu, Kyela kapena Mbeya, ndipo wa mpamba wonenepa apitirira mpaka ku Dar es Salaam. Zitenje, mabeseni, nsapato ndi zipangizo za njinga zamoto zimene zimadzaza msika wathu, zambiri zimabwera ndi njira imeneyo. Maso athu anazolowera kumpoto. Komatu kumeneko wosadziwa Chiswahili amagula choloza ndi chala, ndipo akangowoloka Songwe wotchi yake imatsalira ndi ola lathunthu.

Kuli mzinda wina umene ambiri kuno sitiuganizira n'komwe, likulu la dziko la Zambia. Ku Lusaka n'kutali, sindikana. Koma ndi mzinda wa eni umene Mmalawi amatsika basi, n'kufunsa njira m'chiyankhulo chimene anaphunzira ku pulayimale, anthu n'kumuyankha. Ife a kunyanja kuno pakhomo timayankhula Chitumbuka, ena Chinkhonde. Chichewa tinachitola kusukulu, pawailesi ndi pamsika, ndipo alipo amene amachita nacho manyazi poti sichimveka ngati cha ku Dowa. Chichewa chomwecho ku Lusaka n'chokwanira kugulira, kunenerera mtengo, kupemphera ndi kupeza bwenzi. Kumeneko amachitcha Chinyanja, ndipo ndicho chimamveka kwambiri m'misika ndi m'maminibasi a mumzindawo. Chili m'gulu la ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma la Zambia limagwiritsa ntchito m'sukulu ndi pawailesi ya ZNBC.

Wofuna kukaona mzindawu kwa masiku atatu apatule sabata yathunthu kapena kuposerapo, chifukwa msewu wokha udya masiku awiri kapena atatu popita, chimodzimodzinso pobwera. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 1,200. Tsiku loyamba ndi la kwathu konkuno: kukwera Chiweta, kudutsa Phwezi ndi Ekwendeni, Mzuzu, Chikangawa, Jenda, Kasungu mpaka Lilongwe. Kuchoka apo ndi msewu wa Mchinji, kenako chipata cha Mwami. Ilipo njira ina yodzera ku Chitipa ndi Nakonde n'kutsika ndi Great North Road kudutsa Mpika ndi Kabwe, ndipo pamapu imakopa munthu wa ku Karonga. Ine sindingailimbikitse kwa wopita koyamba. Imadutsa m'dera la Chibemba, pamene phindu lalikulu la ulendowu lili m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, kumene kuli abale athu.

Pa malire pafunika pasipoti imene sinathe masiku. Mmalawi safunika viza polowa m'Zambia, koma kachikalata kowolokera anthu a m'malire kamene ena amayendera ku Chipata sikangakufikitseni ku Lusaka, ndipo m'njira muli malo amene apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka amaimitsa basi n'kuona mapepala. Kuyambira mu December 2022, pamene a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, zidindo za mayiko onse awiri zimamenyedwa pamalo amodzi. Akakudindirani, werengani masiku amene akupatsani musanachoke pawindo.

Za ndalama muchenjere nazo. Mayiko onse awiri ndalama yake ndi kwacha, ya Zambia kuyambira 1968, yathu kuyambira 1971, koma mphamvu zake n'zosiyana kutali. Mu January 2013 anzathuwa anachotsa maziro atatu pa ndalama yawo, choncho mitengo yawo imamveka yaing'ono m'khutu la Mmalawi. Mayi wa m'lesitilanti akatchula mtengo wa nsima ndi nkhuku, mtima umati n'zotchipa, koma mukachulukitsa mupeza kuti mwadya za masiku awiri. Kwacha yathu imasinthika pa Mchinji ndi ku Chipata, pamene ku Lusaka mudzayenda nayo mtunda osapeza woilandira. Sinthani musanapitirire, muwerenge nokha ndalama iliyonse ili m'manja mwanu, ndipo musalole kuti wina ailandirenso kuti akuwerengereni kachiwiri.

Ku Chipata gonani. Ambiri amangodutsapo ali ndi tulo m'maso, ndipo amataya zambiri. Tauni imeneyi, yozunguliridwa ndi mapiri, kale inkatchedwa Fort Jameson, ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Mukayenda mumsika wa Kapata madzulo mudzamva maina a Banda, Phiri, Mwale, Tembo ndi Zulu akuitanidwa, mudzaona mtedza, nyemba ndi mbatata zili milumilu, akabaza akuimba mabelu, ndipo mukatsegula Breeze FM simudzafuna womasulira. Angoni a Inkosi ya Makosi Mpezeni, amene amachita mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February, ndi mtundu umodzi ndi a M'mbelwa a ku Mzimba amene mwawadutsa dzulo lake pa Jenda. Onse ndi ana a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu 1835.

Mabasi a ku Lusaka amanyamuka mbandakucha, ndipo tikiti ndi bwino kudula dzulo lake. Pemphani mpando wa pawindo. Makilomita pafupifupi 570 a Great East Road ndiwo mtima wa ulendowu. Tauni yoyamba yaikulu ndi Katete, ndipo pafupi pake pali Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, mfumu ya Achewa onse a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique. Mmalawi ayenera kuima kaye ndi kulingalira zimenezi: mafumu akuluakulu a ku Lilongwe, Dedza, Kasungu ndi Mchinji amawoloka malire chaka ndi chaka kukagwada kumeneko pa mwambo wa Kulamba, Loweruka lomaliza la August. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 pamodzi ndi Vimbuza wathu wa kumpoto kuno, amatuluka kumeneko kuchokera m'madambwe a mayiko atatu. Amene angathe kuika ulendo wake kumapeto kwa August, aone Kulamba kaye ndiye apitirire.

Mukadutsa Sinda, Petauke ndi Nyimba, mwalowa kwa Ansenga, ndipo kayankhulidwe ka okwera m'njira kamayamba kusintha pang'onopang'ono, koma mumamvabe. Kuchoka pa Kacholola msewu umayamba kukhotakhota ndi kutsetsereka ngati pa Chiweta, kutentha n'kumawonjezeka mpaka mufike pa mlatho wa Luangwa, umene unamangidwa mu 1968. Pamlathopo pamakhala achitetezo, foni yojambulira ikhale m'thumba. Patsidya pake basi imaima pamsika wa m'mbali mwa msewu. Nsomba zowamba zili m'mizere pamathandala, zina zokazinga zikadali zotentha, madengu, mikeka ndi zipewa za mlaza zapachikidwa mpaka kudenga la timisasa. Munthu wa kunyanja amafuna kuzigwira nsombazo n'kuzinunkhiza, ndipo wogulitsa akamva kuti mwachokera ku Karonga amafunsa za usipa ndi mpunga. Kuchoka apo ndi Rufunsa, Chongwe, ndiye magetsi a pamsewu a mu Lusaka.

Basi imakutulani pa Intercity, pa msewu wa Dedan Kimathi. Yesetsani kufika dzuwa lisanalowe, mutadziwa kale kumene mukagone. Anyamata oitanira amathamangira chikwama munthu asanaponde pansi. Chigwireni nokha, muyankhe mwaulemu kuti muli ndi wokuchingamirani, mutuluke m'chipwirikiticho ndiye muganize bwino. Kugula simu ya MTN, Airtel kapena Zamtel kumafuna pasipoti, ndipo mukakhala nayo mutha kuitana galimoto pa Yango m'malo molimbana ndi mitengo ya matakisi. Musaiwale juzi. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndipo thupi lozolowera kutentha kwa Chilumba limanjenjemera kumeneko mu June ndi July. Nyengo ya mvula si yabwino kwa mlendo: madzi amadzaza m'makomboni ngati Kanyama, ndipo mu January 2024 kolera inavuta mpaka bwalo la masewero la Heroes linasandutsidwa malo ogonekapo odwala.

Mzindawu si wakale. Unayamba ngati poima sitima mu 1905, pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo unakhala likulu mu 1935 kulowa m'malo mwa Livingstone. Pakati pake m'posavuta kupadziwa: Cairo Road ndiye msana, Findeco House ndiye chizindikiro chooneka patali, kumbuyo kwake kuli Cha Cha Cha Road ndi Freedom Way, kenako City Market ndi Soweto, msika umene tomato, kabichi ndi kapenta zimatsika m'malole usiku ndi usana. Tsiku limodzi likwanira kuona zimenezi, kuphatikizapo Freedom Statue, chiboliboli cha munthu wodula maunyolo pa Independence Avenue, ndi nyumba ya zinthu zakale ya Lusaka National Museum imene ili pafupi pomwepo. Ofuna zosemasema apite ku Kabwata Cultural Village.

Koma malo amene ndimafuna munthu wa kwathu kuno asawaphonye ali ku Chilenje. Ndi kanyumba kakang'ono, nambala 394, kofanana ndi nyumba zina zimene atsamunda ankamangira anthu akuda. Mmenemo munkakhala a Kenneth Kaunda ndi banja lawo kuyambira 1960 mpaka 1962, pamene ankatsogolera chipani cha UNIP polimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwechonso chimene makolo athu ankalimbana nacho kuno. Panja pali Land Rover imene ankayendera pokopa anthu. Tizipinda n'topanikiza, mipando n'njamatabwa wamba, ndipo munthu umadabwa kuti misonkhano yogwedeza boma inkachitikira pamalo ochepa chotere. Tsono kumbukirani kumene banjali linachokera. Bambo awo, a David Kaunda, anali mphunzitsi ndi mlaliki wa ku Nyasaland amene mishoni ya Livingstonia, ya paphiri la Khondowe pomwe timapaona tikamapita ku Chitimba, inawatuma kukagwira ntchito ku Chinsali. Kumeneko, ku Lubwa, n'kumene Kenneth anabadwira mu 1924. Mwana wa munthu wotumidwa kuchokera ku Khondowe ndiye analandira ufulu wa Zambia pa 24 October 1964, patangopita miyezi itatu ndi theka ife titalandira wathu, ndipo analamulira zaka 27.

Chiyambi chimenechi chinadzawapweteka atakalamba. Mu 1996 malamulo anasinthidwa kuti woimira upulezidenti akhale wa makolo obadwira m'Zambia, ndipo mu 1999 khoti lina linagamula kuti iwo si nzika, ngakhale chigamulocho chinadzathetsedwa pambuyo pake. Nkhani imeneyi imandiwawa, chifukwa malire amene anagwiritsidwa ntchito powakana anajambulidwa ndi atsamunda omwe iwo anawachotsa. Anamwalira pa 17 June 2021, ndipo anaikidwa ku Embassy Park, pamodzi ndi a Levy Mwanawasa, a Frederick Chiluba, a Michael Sata ndi a Rupiah Banda. Kuchoka ku Chilenje kupita kumandako si patali, ndipo malo awiriwa ndi oyenera kuwaona tsiku limodzi.

Chinyanja cha mumzinda musachiyembekezere kuti chikhala cha m'buku. Chinasakanizika ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi. Kondakitala amati “tiyende manje”, wogula amati “ni zingati?”, mwana amati “nifuna”, ndipo kuyankhula amati kukamba. Inu mukatsegula pakamwa adzadziwa msanga kuti ndinu wa ku Malawi kapena wa ku Chipata, ena adzati Chinyanja chanu n'chozama. Musachite kudzikakamiza kuwatsanzira, ndiponso musawakonze. Wodziwa Chitumbuka amapeza kuti mawu ena amene Mchewa wa ku Lilongwe amadodoma nawo, iye akuwamva bwinobwino. Tsiku lachitatu kwerani minibasi pa Kulima Tower kapena Millennium, mupite ku Matero, Mtendere kapena Kalingalinga, mukadye nsima ya ifisashi, mulawe chikanda ndi munkoyo. Lamlungu lowani m'tchalitchi cha Reformed Church in Zambia, mpingo umene unayambira ku Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899. Nyimbo zambiri mudzaimba nawo osatsegula buku.

Amalonda adzafuna Kamwala ndi msika wa Comesa. Likulu la bungwe la COMESA lili mu Lusaka momwemo, ndipo pa Mwami pali ndondomeko yopepukitsira amalonda ang'onoang'ono, koma si katundu aliyense amene ali pamndandanda wake. Funsani pamalire popita, musanagule, ndipo malisiti onse musunge. Chimodzimodzi wofuna kunyamula mpunga wa Kilombero wa ku Hara wopitirira wa mphatso, ayambe wafunsa za chilolezo.

Pobwerera, ngati kunja kuli kouma ndipo simunalemedwe ndi katundu, mukafika ku Chipata khoterani kumpoto m'malo mobwerera ku Lilongwe. Makilomita pafupifupi 180 akufikitsani ku Lundazi, kumene pamsika amayankhula kwambiri Chitumbuka ndipo kuli hotelo yomangidwa ngati linga la mafumu a ku Ulaya, ya m'zaka za m'ma 1940. Kuchoka apo muwolokera pa Lusuntha ndi Mqocha n'kutulukira pa Jenda. Magalimoto a njira imeneyi ndi ochepa ndipo amadikira kudzaza, choncho nyamukani m'mawa, ndipo mufunse za msewu kwa madalaivala a pa Chipata musanadule tikiti.