Mlandu sutha pa ola limodzi

Mu 2011, wailesi ya kanema ya NBC ku America inayamba kuonetsa sewero la Prime Suspect. Maria Bello ankasewera ngati Jane Timoney, wapolisi wofufuza milandu yakupha ku New York. Seweroli silinakhalitse, linathera pa gawo la 13. Masewero otere amabwera n'kupita, koma amasiya maganizo amene ine, mayi wofufuza milandu kuno ku Chiradzulu, ndimalimbana nawo masiku onse: akuti wapolisi wochenjera akangomuyang'ana munthu m'maso, basi mlandu watha.

Chimodzi chokha seweroli linanena zoona: mayi pa ntchitoyi amayamba wakayikiridwa. Komatu dziko lino linaonapo a Mary Nangwale akusankhidwa kutsogolera apolisi onse mu 2004, ndi a Merlyne Yolamu mu 2022. Ndaonanso kuti mtsikana wogwiriridwa amamasuka msanga pamaso pa mayi mnzake.

Ntchito yathu imayambira pamalo pomwe pachitikira mlandu. Kaya ndi ku Namitambo kaya ku Mbulumbuzi, nthawi zambiri timapeza khamu litaponda mapazi a wakuba, wina atagwiragwira chikwanje, achibale atakolopa magazi. Amatero ndi mtima wabwino, koma umboni umathera pomwepo. Musasunthe kanthu, itanani apolisi.

Pa mlandu wogwirira, wolakwiridwa afike kuchipatala asanasambe, zovala zake zisachapidwe. Mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo lipoti la dokotala limalankhula m'khoti ngakhale mwana atagwidwa ndi mantha.

Kenako pamabwera kulemba, ntchito yomwe kanema saionetsa kawirikawiri. Mboni iliyonse timailemba payokha, timaiwerengera zomwe yanena, imasayina. Zonsezi zimalowa m'doketi, ndipo ndi doketiyo imene woimira boma amaimirira nayo pamaso pa woweruza. Milandu yakupha imakaweruzidwa ku khoti lalikulu, n'chifukwa chake imatenga nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ambiri amakwiya akamuona woganiziridwa akuyenda pamsika, amvekere, "Apolisi adya ndalama." Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo limamulola kupempha belo. Belo sikumasulidwa, munthuyo amayenerabe kubwera pa tsiku la mlandu. Kumenya munthu kuti avomere nakonso n'kuphwanya lamulo, ndipo kumampatsa loya wake podzera.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mlandu wofufuzidwa bwino umene umagwa chifukwa mboni zaleka kubwera kukhoti, kapena akubanja akambirana kuseri kuti "zithere pakhomo". Wolakwayo amabwerera m'mudzi momwemo, pafupi ndi ana omwewo. Ngati munaona, bwerani mudzanene, ndipo tsiku la khoti likakwana musasowe.