Galimoto Yodziyendetsa Yokha ndi Misewu ya Kumapiri a Dowa ndi Ntchisi

Munthu woima pa Mponela tsiku la msika amaona zonse zoyenda pamsewu m'dziko lino zitasonkhana pamalo amodzi. Pamapita malole a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, malole a feteleza, maminibasi, ngolo zodzaza ndi fodya, anyamata a kabaza, amayi osenza nkhuni, ndi ana a sukulu owoloka chothamanga. Onsewa amalimbirana msewu umodzi, wotchedwa M1, umene umachokera ku Lilongwe nupitirira ku Madisi ndi ku Kasungu. Tsono mbiri yamveka yakuti kumaiko ena kuli magalimoto oyenda popanda munthu wogwira chiwongolero. Tsiku lina mwana wochenjera adzaimika dzanja nadzafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi nzoona? Nanga kuno idzafika?" Mphunzitsi ayenera kukhala nalo yankho loona, pakuti nkhaniyi ikhudza moyo wa mwanayo ndi ntchito ya atate ake.

Mmene katundu wayendera

Kale katundu yense wa kumapiri kuno ankayenda pamitu ya anthu. Pamene amishoni anakhazikika pa Mvera mu 1889, mabokosi awo anakwera zitunda ndi amtengatenga. Pambuyo pake kunadza ngolo ndi malole. Njanji inafika ku Salima mu 1935, ndi ku Lilongwe mu 1979, koma ku Ntchisi siinafike. Chotero soya, mtedza, chimanga ndi fodya wa kumeneko zimatuluka pamsewu, ndipo feteleza, mchere ndi mankhwala zimalowa pamsewu womwewo. Popeza Malawi alibe doko la panyanja ya mchere, katundu wochokera kunja amayamba watsikira ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, ndipo wambiri amatha ulendo wake pa lole. Kusintha kulikonse kwa kale kunatula mtolo pamutu pa munthu. Kusintha kumene kukunenedwa tsopano kukufuna kuchotsa munthuyo pampando wa kutsogolo.

Mmene galimotoyo imagwirira ntchito

Woyendetsa galimoto amachita zinthu zitatu: amaona, amaganiza, ndipo amachitapo kanthu ndi manja ndi mapazi. Galimoto yodziyendetsa nayonso iyenera kuchita zitatu zomwezi.

Maso ake ndiwo makamera oyang'ana mbali zonse. Ilinso ndi chida chotchedwa radar, chimene chimatumiza mafunde osaoneka nichimva pamene abwerera atagunda chinthu, monga achitira mleme pouluka mumdima. Chida china, lidar, chimaponya kuwala kambirimbiri pa kamphindi kuti chiyese kutalika kwa chinthu chilichonse. Malo amene ili imawadziwa mwa GPS ndi mapu olembedwa mosamala zedi. Zonsezi zimapita ku kompyuta, imene imalamula chiwongolero, mafuta ndi mabuleki.

Koma kompyutayo siibadwa ikudziwa kanthu. Imaphunzitsidwa poionetsa zithunzi zosawerengeka, niuzidwa kuti uyu ndi munthu, iyi ndi njinga, ichi ndi chikwangwani. Apa mphunzitsi aliyense adzazindikira ntchito yake yomwe. Mwana amene anaonetsedwa mbuzi zoyera zokhazokha angathe kudodoma akakumana ndi yakuda. Makinawo ali chimodzimodzi: amakhoza pa zimene anaonetsedwa, nadodoma pa zachilendo.

Kumene yafika kale

Mu 2004 boma la America linachititsa mpikisano wa magalimoto opanda woyendetsa m'chipululu, ndipo panalibe ngakhale imodzi imene inafika kumapeto. Mu 2005 galimoto ya ophunzira ndi aphunzitsi a pa Stanford inapambana itayenda makilomita 212. Kampani ya Google inayamba ntchito yake yotere mu 2009, imene pambuyo pake inatchedwa Waymo, ndipo mu 2020 inayamba kunyamula anthu wamba mumzinda wa Phoenix popanda munthu pachiwongolero. Kumbali ya katundu, kampani ya Rio Tinto inayamba mu 2008 kuyesa malole odziyendetsa m'migodi ya ku Pilbara, ku Australia, ndipo mu 2025 kampani ya Aurora inayamba kuyendetsa malole otere pakati pa Dallas ndi Houston.

Woŵerenga aone bwino malo ameneŵa. Mgodi ndi malo otchingidwa, kumene mwana kapena mbuzi sizilowa. Phoenix ndi mzinda wouma, wa misewu yotakata, yolembedwa mizere yooneka bwino. Makinawo ayamba kumene msewu uli ndi mwambo.

Chifukwa chake anthu akuifuna

Bungwe la za umoyo padziko lonse, WHO, linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndi kuti poyerekeza ndi chiŵerengero cha anthu, imfa zotere nzochuluka mu Africa koposa kwina konse, ngakhale magalimoto ake ndi ochepa. Ngozi zambiri zimadza ndi liŵiro, moŵa, tulo ndi kusasamala. Makina samwa moŵa, sawodzera, ndipo sathamangira kukapeza okwera mnzake asanafike. Dalaivala amene wagwira chiwongolero usiku wonse amalemedwa zikope, kompyuta iyayi.

Komabe makina nawonso amalakwa. M'mwezi wa Malichi 1918 sikunali zotere, koma patapita zaka 100, mu Malichi 2018, galimoto yoyesedwa ya kampani ya Uber inapha mayi wina mumzinda wa Tempe, amene ankawoloka msewu usiku akukankha njinga. Ofufuza anapeza kuti zida zinamuona nthaŵi ikadalipo, koma kompyuta inasinthasintha maganizo, mwina kumuyesa galimoto, mwina njinga, mwina chinthu chosadziŵika. Munthu amene anaikidwa kuti aziyang'anira anali atayang'ana pa foni. Nkhaniyi ndi yolasa mtima kwa aliyense wodziŵa misewu ya kuno, pakuti munthu wokankha njinga mumdima ndiye amene amapezeka pa mtunda uliwonse.

Mayeso a kumapiri

Galimoto yotere itapatuka pa Mponela kulinga ku Ntchisi, ndi kusiya phula kuloŵa m'misewu ya kumidzi, ingakumane ndi mafunso amene sinaphunzire. Mizere yoyera kulibe. Nthaŵi ya dzinja msewu umasanduka matope, ndipo madzi amakumba ngalande pamene dzulo panali posalala, kotero kuti mapu a chaka chatha amanama. Nkhungu ya kuphiri imaphimba maso a makamera. Ngolo imayenda usiku yopanda nyali, ndipo njinga yosenza matumba a makala siioneka ngati njinga konse.

Palinso zizindikiro zosalembedwa m'buku lililonse la malamulo. Dalaivala wa kuno akaona nthambi zaziŵisi zitayalidwa pamsewu amadziŵa kuti kutsogolo kuli maliro kapena galimoto yowonongeka, ndipo amachepetsa liŵiro. Akaona gule akutuluka kudambwe amadziŵa kuti khamu la ana ndi amayi lili pafupi. Nzeru imeneyi ndi ya anthu a dziko, ndipo makina angaidziŵe pokhapokha eni dziko atawaphunzitsa.

Chonyamula katundu chopanda woyendetsa chimene chafika pafupi ndi kuno chinadzera mumlengalenga. Mu 2017 boma la Malawi pamodzi ndi UNICEF linatsegula ku Kasungu malo oyeserapo tindege topanda munthu, totchedwa ma drone, tonyamula zinthu zopepuka monga mankhwala ndi magazi okayezedwa. Kumwamba kulibe matope kapena ngolo. Koma kandege kotere sikanganyamule matumba a feteleza a mudzi wonse.

Za m'tsogolo

Chooneka nchakuti makinawo adzaloŵa pang'onopang'ono. Magalimoto ena atsopano ali kale ndi zida zogwira mabuleki zokha zikaona chinthu kutsogolo, ndi zochenjeza dalaivala akayamba kuwodzera. Malole odziyendetsa, ngati adzafika, adzayambira pa misewu ikuluikulu ya kumadoko. Mtunda wotsiriza wokwera kumidzi udzakhalabe m'manja mwa dalaivala ndi mwini ngolo kwa nthaŵi yaitali. Padzakhalanso milandu yofuna kuiweruza. Madalaivala ndi othandiza awo adzadya chiyani, pamodzi ndi amayi amene amawagulitsa chakudya pamalo opumira? Nanga lole yopanda munthu ikagunda mwana, adzaimirire pabwalo ndani: mwini lole, kapena amene anapanga makinawo?

Gawo la mphunzitsi

Zimene galimoto yodziyendetsa imafuna kuti iyende bwino ndizo zomwe zingapulumutse anthu lero lomwe: mizere yooneka, zikwangwani zosabedwa, njira ya oyenda pansi m'mbali mwa phula, nyali pa ngolo ndi pa njinga, ndi anthu osunga mwambo wa pamsewu. Chotsirizachi chili m'manja mwa mphunzitsi, pakuti m'mera mpoyamba.

Ana aphunzitsidwe kuti popeza magalimoto m'dziko lino amayenda kumanzere, woyenda pansi ayende kumanja, kuti aziona chimene chikubwera, ndipo usiku avale choyera. Pa phunziro la masamu aŵerengere okha kuti galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi; kenaka atuluke pabwalo, ayese mamita 17 ndi chingwe, naone ndi maso kutalika kwake. Pa phunziro la Chichewa asonkhanitse mawu a pamsewu ndi chiyambi chake, monga liwu lakuti galimoto, lochokera ku Chiswahili, lotanthauza ngolo ya moto, ndipo alembe zizindikiro zonse za kwawo zimene mlendo sangazidziŵe. Ana amene alemba zimenezi lero ndiwo amene, akadzakula, adzauze opanga makina zimene msewu wa ku Dowa ndi Ntchisi umafuna.