Filipi, Mlaga wa Aroma

Mwana akacoka pa boma la Mzimba kulinga kumwera, apeza midzi ya maina monga Edingeni, Embangweni ndi Emfeni. Maina amenewa sali a Citumbuka ai, ngakhale anthu okhalamo alankhula Citumbuka. Ali a Cingoni. Angoni anaturuka m'dziko lakutali la kumwera, naoloka Zambezi m'caka ca 1835 ndi mfumu yao Zwangendaba, tsiku limene dzuwa linadetsedwa usana. Ana ace atafika m'dziko la Mzimba, anamanga midzi, naicha m'cinenero ca makolo ao. Ndipo mudzi ukakula, mwana wa mfumu amapatuka ndi anthu ace kukamanga wina patsogolo, koma osataya mwambo wa kwao. Mudzi wopatuka cotero uchedwa mlaga.

Midzi yambiri yochulidwa m'Buku Lopatulika inayamba momwemo. Kurene, kwao kwa Simoni uja anasenza mtanda wa Yesu, unali mlaga wa Ahelene a pa cisumbu ca Thera. Anaumanga m'Afrika, m'dziko la Libya, ca m'ma 631 Kristu asanabadwe. Koma mlaga umene mbiri yace imveka bwino koposa ndiwo Filipi wa ku Makedoniya, m'dziko limene lero lichedwa Greece.

Malo a Filipi anali okoma. Panali cigwa ca nthaka yabwino, akasupe ambiri, ndi mapiri okhala ndi golidi. M'caka ca 360 Kristu asanabadwe anthu a pa cisumbu ca Thasos anaoloka nyanja, namanga mudzi pamenepo, naucha Krenides, ndiko kunena kuti Akasupe. Eni dziko anawabvuta, ndipo alendowo anapempha thandizo kwa Philip, mfumu ya Makedoniya, atate wace wa Alexander Wamkuru. Philip anadzadi m'caka ca 356 (pakuti zaka za Kristu asanabadwe ziwerengedwa cotsika), koma ataona golidi uja sanafune kucokanso. Anatenga mudziwo, naumangira linga, naupatsa dzina lace la iye mwini.

Zitapita zaka zoposa 300, pa cigwa comweco panacitika nkhondo yaikuru ya Aroma okhaokha. M'caka ca 42 Kristu asanabadwe Antony ndi Octavian anagonjetsa Brutus ndi Cassius, amene anapha Julius Caesar. Nkhondo itatha, opambanawo anagawira asilikari ao otha nchito minda ya ku Filipi. Ndipo m'caka ca 30 Octavian anatumizako anthu enanso a ku Italiya. Octavian ameneyu ndiye Kaisara Augusto, amene analamula kalembera uja wa nthawi ya kubadwa kwa Yesu.

Tsono Filipi unasanduka ngati Roma wamng'ono. Malamulo ace anali a Ciroma. Mau olembedwa pa ndalama ndi pa miyala ya manda anali a Cilatini, cinenero ca ku Roma. Oweruza akuru anali awiri, ndipo poyenda iwo, akapitao ao amatsogola atasenza mitolo ya ndodo. Ahelene ndi eni dziko akale anakhalabe pomwepo, nalima, nagulitsa malonda; koma minda yabwino ndi mipando ya pa bwalo zinali za obwera. Munthu wa ku Filipi wokhala nalo dzina la Mroma amalinyadira dzinalo koposa ng'ombe zace, angakhale sanauone mudzi wa Roma ndi maso.

Wodziwa zimenezi sabvutika kumva nkhani ya m'Macitidwe a Atumwi, mutu 16. Ca m'ma 50 Kristu atabadwa, Paulo ndi Sila anatsika m'ngalawa pa dooko la Neapoli, nayenda mamailosi ngati 10 pa mseu waukuru wa Aroma kufikira ku Filipi. Tsiku la Sabata anaturuka kunja kwa cipata, napeza akazi osonkhana kukapemphera m'mbali mwa mtsinje. Woyamba kukhulupira anali Lidiya, wogulitsa nsaru za cibakuwa. Nayenso anali mlendo, wa ku Tiyatira, tsidya lija la nyanja.

Bvuto linabuka pamene Paulo anaturutsa mzimu woombeza mwa mdzakazi wina, amene ambuye ace amapindula naye ndalama zambiri. Cimene cinawawa ambuyewo ndico ndalama zotayika. Koma pa bwalo sanachule ndalama konse. Anadziwa pamene pali mtima wa mudzi wao. Anati anthu awa ndi Ayuda, ndipo aphunzitsa miyambo yosaloleka kwa Aroma. Mau amenewo anakwanira. Oweruza sanafunse mboni, sanamve mbali ya oimbidwa mlandu. Anangolamula kuti awabvule ndi kuwakwapula, nawaponya m'ndende. Kumeneko sikunali kuweruza ai, koma kukondweretsa khamu.

Usiku kunadza cibvomezi, ndipo mdindo wa ndende anabatizidwa ndi a pa banja pace. M'mawa oweruza anatuma akapitao kuti awamasule anthu aja mwakacetecete. Paulo anakana. Iye anabadwira ku Tariso, koma anali Mroma cibadwire, ndipo Sila anali Mromanso. Ndipo lamulo la Roma linaletsa kukwapula Mroma mlandu wace usanazengedwe. Oweruza pakumva ici anaopa kwambiri, pakuti mbiri ikadafika kwa akuru ao akadataya mipando. Anthu onyadira mwambo wa Roma anapezeka kuti ndiwo anauswa. Anadza okha ku ndende, nawapepesa, nawaturutsa, nawapempha kuti acoke m'mudzimo. Paulo sanafulumire: anayamba walowa m'nyumba ya Lidiya kukalimbitsa mitima abale, ndipo pamenepo anamuka.

Pambuyo pace Paulo ali m'ndende yina analembera Afilipi kalata. Podziwa umo anthu a pa mlaga aganizira za mudzi umene unawabala, anawauza kuti iwonso ali nzika za mudzi wina, wa Kumwamba. Kalatayo anailemba m'Cihelene, si m'Cilatini ai, cifukwa Cihelene ndico cimene anthu wamba amamva. Ndipo m'kupita kwa mibadwo zidzukulu za asilikari aja zinaleka Cilatini, zinayamba kulankhula Cihelene ca anansi ao, monga zidzukulu za Angoni a ku Mzimba zinatengera Citumbuka ca amao, Cingoni nicitsala m'maina a midzi, m'mfunda, ndi m'nyimbo za ingoma.

Filipi unagwetsedwa ndi cibvomezi cina ca m'ma 620, ndipo pang'onopang'ono anthu anausiya. M'caka ca 1914 anthu ophunzira a ku France anayamba kufukula mabwinja ace. Anapeza bwalo la milandu loyalidwa miyala, maziko a nyumba zazikuru za mapemphero, ndi cigawo ca mseu uja anayendapo Paulo ndi Sila.