Maphunziro atsopano: ana a ku Kafue asankha njira ali mu Fomu 1

Mu 2025, sukulu za m'Zambia zinayamba kutsatira ndondomeko yatsopano ya maphunziro imene Unduna wa Maphunziro unakonza mu 2023. Pulaimale idzathera mu Giredi 6, sekondale ndi Fomu 1 kufikira Fomu 4, ndipo ofuna kupitiriza adzalowa Fomu 5 ndi 6.

Cacikulu cimene casintha n'cakuti mwana asankha njira yake akangolowa Fomu 1, kaya ya sayansi, zamalonda, zaulimi, zaumisiri kapena zamasewera. Ana a ndondomekoyi sadzalembanso mayeso a Giredi 9, amene anali kubweza ambiri kunyumba.

Ku Kafue nkhaniyi ndi yaikulu. Tauniyi inakula cifukwa ca mafakitale a boma monga Nitrogen Chemicals of Zambia, yopanga feteleza, ndi Kafue Textiles, yopanga nsalu. Kale, womaliza sukulu anali kuyembekezera nchito kumeneko. Fakitale ya nsalu itatsekedwa ndi nchito zitacepa, acinyamata ambiri anayamba kudalira usodzi pa mtsinje wa Kafue, ulimi ndi malonda ang'onoang'ono. Motero njira imene mwana asankha ingakhale ndiyo idzamudyetse.

Dziko la Philippines linayesa zofanana mu 2016, pamene linaonjezera zaka ziwiri za sekondale kuti omaliza akhale okonzeka kugwira nchito. Koma olemba nchito ambiri anapitiriza kufuna a madigiri, ndipo ana ambiri anapitabe kukoleji.

Ku Kafue nakonso, njira ya zaumisiri idzapindula ngati sukulu ili ndi zipangizo ndi aphunzitsi, komanso ngati olemba nchito alemekeza setifiketi yake.