Mapepala amene amatsegula khomo la matenda

Tsiku lotsegula matenda kukhonsolo, bokosi limatulutsidwa aliyense akuona. Maenvulopu amang'ambidwa imodziimodzi, wapampando nkumawerenga mokweza dzina la bizinesi ndi mtengo umene yatchula, eni mabizinesi ali chete pabenchi kulemba manambala a anzawo. Kalipentala amene wamva kuti mtengo wake wa madesiki ndiwo wotsikitsitsa amatuluka akumwetulira. Chimene sakudziwa nchakuti komiti yowunika ikakhala pansi siyambira pa mtengo. Imayamba yawerenga mapepala, ndipo envulopu yosowa chiphaso chimodzi chokha imaikidwa pambali, ngakhale mwiniwake akhale mmisiri wotchuka m'boma lonselo.

Ambiri amagwera pamenepa, ndipo ochuluka safika nkomwe pabokosipo. Kafukufuku wa FinScope wa 2019 adapeza kuti mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati 89 mwa 100 aliwonse m'Malawi muno ndi osalembetsa. Amagula, amagulitsa, amalemba anthu ntchito, koma kwa mkulu wogula katundu kuunduna kapena kukampani yaikulu, mabizinesi amenewa kulibe.

Mapepalawa amabalana, lina limatuluka chifukwa cha linzake. Loyamba ndi chiphaso cholembetsera bizinesi, chimene Amalawi adazolowera kukatenga kwa Registrar General, ndipo masiku ano munthu atha kulembetsa pa intaneti. Ndi chiphasocho amapita ku bungwe lotolera misonkho la MRA kukatenga nambala ya msonkho, TPIN, nkukatsekulanso akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesi, pakuti boma sililipira ndalama pamanja. Koma TPIN payokha siikwanira. Otsatsa tenda amafuna tax clearance, kalata ya MRA yotsimikiza kuti wabizinesiyo alibe ngongole ya msonkho, ndipo kalata imeneyi ili ndi tsiku lothera ntchito. Munthu amene wakhala miyezi osapereka malipoti ake ku MRA sangayembekezere kuipeza sabata yotsekera tenda.

Kenako pamabwera PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ndi kagulitsidwe ka katundu wa boma, limene lidabwera ndi lamulo la 2017 kulowa m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP. Aliyense wofuna kugulitsa katundu kapena kugwira ntchito ku unduna, khonsolo, chipatala cha boma kaya bungwe ngati ESCOM amayenera kulembetsa kumeneku. Chiphaso chake chimatchula mtundu wa malonda ndi kukula kwa kontirakiti imene munthu angapikisane nawo. Apa mpofunika maso: wolembetsa kuti amagulitsa zolembera za muofesi asadabwe akabwezedwa pa tenda ya nyemba ndi ufa.

Lamulo la 2017 lija lidalamula kuti pa matenda opikisana m'dziko momwemuno, magawo 60 mwa 100 aziganizira Amalawi enieni akuda. Mu 2020 boma lidawonjeza lamulo lina lopatula mitundu ina ya katundu ndi ntchito kuti izipita kwa mabizinesi ang'onoang'ono, achinyamata, amayi ndi anthu aulumali. Ndi mwayi weniweni, koma sugwira ntchito pa mawu apakamwa. Wabizinesi amayenera kuonetsa chiphaso chotsimikiza kuti bizinesi yake ilidi m'gulu limenelo.

Omanga ali ndi khomo lawolawo. Bungwe loyang'anira zomangamanga, limene ambiri amalidziwa kuti NCIC, limaika makontirakitala m'magulu potengera ukatswiri ndi zipangizo zawo, ndipo wa gulu laling'ono sangapatsidwe mlatho wa mabiliyoni.

Kunja kwa boma nkhani imatembenuka pang'ono. Sitolo yaikulu kapena hotela sifunsa za PPDA. Mayi wotenga botolo lake la uchi kapena chiponde kupita nalo kwa manijala adzaona manijalayo akulizunguza m'manja, asanalawe nkomwe, kufunafuna chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, tsiku lothera ntchito ndi dzina la wopanga. Bungwe la MBS, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, silimangoyeza chakudyacho mu labotale. Oyendera ake amafika pamalo opangira kudzaona pansi ngati mposavuta kutsuka, kumene madzi akuchokera, posamba m'manja, zovala za antchito ndi mabuku olembamo zimene zapangidwa tsiku lililonse, motsatira muyezo wa ukhondo wa MS 21. Ambiri amadandaula kuti kukonza malo kufika pamenepa kumadya mpamba wonse, ndipo dandauloli ndi loona. Nchifukwa chake magulu ena a alimi amasonkha nkumanga malo amodzi m'dzina la kopaletivu, chiphaso chimodzi nkupindulira onse.

Wina angafunse chifukwa chochulukitsira mapepala chonchi. Amene akukumbukira Cashgate ya 2013 akudziwa yankho: makampani a m'chikwama, opanda ofesi ngakhale katundu, adalandira mabiliyoni a kwacha kuchokera ku Capital Hill osapereka kanthu. Kufuna kudziwa mwini bizinesi, kumene ali ndi mbiri yake ya msonkho nkoyenera ndithu. Chosayenera ndi chakuti mtolo wake umalemera kwambiri pamutu pa wamng'ono. Telala wa ku Chitipa kapena Nsanje amawononga ndalama ya basi ndi masiku kutsatira pepala limene kampani ya ku Blantyre imatuma mesenjala. Ndipo akapambana tenda, atakongola ndalama kubanki kapena kwa akatapila kuti apereke katundu, amadikira malipiro a boma miyezi yambiri chiwongoladzanja chikukwera. Boma limene limafuna tax clearance yosapitirira tsiku liyeneranso kulipira pa tsiku limene lidalonjeza.

Kwa amene akufuna kuyamba, poyambira pabwino si tenda yaikulu ya m'nyuzipepala ayi. Maofesi a boma akamagula zinthu za mtengo wochepa amaitanitsa makoteshoni kwa ogulitsa osachepera atatu, ndipo ntchito zing'onozing'ono zotere ndizo zimapereka makalata a umboni amene matenda aakulu amafuna. Tulutsani faelo yanu lero, muone tsiku limene chiphaso chilichonse chikutha, ndipo mukachikonzenso tenda isanalengezedwe.