Kodi njala imachokera kuti?

Ambiri a ife timaganiza kuti chifu ndi thumba logayira chakudya basi. Koma chifu ndi matumbo zimatumizanso uthenga ku ubongo kudzera m'mahomoni. Izi zaonekera bwino mwa anthu ochitidwa opaleshoni yochepetsa kunenepa, imene imachitika m'maiko monga South Africa ndi India.

Homoni ya njala ndi ghrelin, imene akatswiri a ku Japan anaitulukira mu 1999. Yambiri imapangidwa kumtunda kwa chifu ndipo imakwera nthawi ya chakudya ikayandikira. Munthu akachepa thupi chifukwa chodzimana chakudya, ghrelin imakwera kuposa kale, njala n'kumuvuta kwambiri. N'chifukwa chake sitigwirizana ndi anthu amene amaseka munthu wonenepa kuti ndi wadyera chabe.

Pa opaleshoni ya sleeve gastrectomy, dokotala amachotsa pafupifupi magawo 80 mwa 100 a chifu, n'kutsala kachifu kooneka ngati nthochi. Mbali yopanga ghrelin yambiri imapita nawo, choncho njala imachepa. Pa gastric bypass amapanga kathumba kokula ngati dzira n'kukalumikiza ku matumbo ang'ono, moti chakudya chimafika msanga kumunsi kwa matumbowo. Kumeneko kumatuluka mahomoni a GLP-1 ndi PYY, amene amauza ubongo kuti munthu wakhuta. GLP-1 imathandizanso kutulutsa insulin, ndiye kwa odwala shuga ambiri shuga wa m'magazi amatsika patangopita masiku ochepa, thupi lisanachepe n'komwe. Mankhwala a Ozempic amatsanzira homoni yomweyi.

Komatu si nkhani yopepuka. Chifu n'chimene chimathandiza thupi kuyamwa vitamini B12, choncho wochitidwa opaleshoniyi amafunika mavitamini owonjezera moyo wake wonse, apo ayi magazi amachepa.

Nanga ife kuno ku Chisepo zikutikhudza bwanji? Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 a zaka 15 mpaka 49 anali olemera mopitirira muyezo. Ndipo mahomoni a kukhutawa tonse tili nawo, opaleshoni imangowachulukitsa. Amatuluka bwino tikadya zakudya zomanga thupi ndi za gaga, monga nyemba, soya, mtedza ndi nsima ya mgaiwa, zomwe timalima tokha kuno ku Dowa. Amafunanso nthawi kuti uthenga ufike ku ubongo, ndiye wodya mothamanga amatha mitanda yambiri asanamve kukhuta. Zakumwa zotsekemera za m'botolo zimakhala ndi shuga wambiri koma sizikhalitsa m'mimba, njala imabweranso msanga.